Kodi Mulungu akanatha kulenga chilengedwe china chosiyana ndi chino?

"Ndine mphunzitsi wa Physics pa sekondale ina m'boma la Dedza, komanso ndine mkulu wa mpingo. Mwezi watha tikuphunzira za mphamvu yokoka, mtsikana wina wa Fomu 4 anakweza dzanja n'kufunsa kuti, 'Aphunzitsi, kodi Mulungu akanafuna, akanatha kulenga chilengedwe china chokhala ndi malamulo ena? Nanga anthu a pa YouTube akamati pali ma universe ambirimbiri, ndiye kuti Mulungu sakufunikanso?' Ndinangomuyankha kuti zimenezo sizili pa silabasi. Koma chiyambire tsiku limenelo funsoli landiima pakhosi. Usiku tulo sitibwera, ndimangodzifunsa kuti n'chifukwa chiyani pali zinthu, osangokhala kuti palibe kanthu. Ndikuopa kuti mwina chikhulupiriro changa chayamba kugwedezeka, kapena mutu wanga ukusokonekera. Chonde ndithandizeni."

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo poyamba mtima ukhale m'malo. Mutu wanu uli bwinobwino. Funso likukusowetsani tuloli, lakuti n'chifukwa chiyani pali zinthu m'malo mwakuti pasakhale kanthu, ndi lomwelo limene Gottfried Leibniz wa ku Germany analemba mu 1714, n'kunena kuti ndilo funso loyamba limene munthu ayenera kufunsa. La mtsikana wanu uja ndi limene Albert Einstein anauza womuthandiza wake kuti ndilo linkamukoka mtima koposa: ngati Mulungu anali ndi mwayi wosankha polenga dziko. Ine ndaphunzitsa nkhani zimenezi zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse pamapezeka mwana mmodzi kapena awiri ofika pa funsoli paokha. Ana otere ndi ofunika kuwasamala.

Tiyambire pa mawu athu omwe. Ife tikamati "chilengedwe" timakhala titayankha kale theka la funsolo, chifukwa m'kati mwa liwuli muli "kulenga", ndipo cholengedwa chimafuna Namalenga. Komatu kulenga ndi kuumba n'zosiyana. Mayi woumba mbiya amafuna dongo, madzi ndi moto. Amasintha zimene zilipo kale. Nthano ya makolo athu ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imayamba Chauta alipo ndipo dziko liliponso, koma louma, lopanda moyo. Kenaka mvula inagwa, Chauta anatsika ndi mwamuna, mkazi ndi nyama, mapazi awo n'kudindika pa thanthwe limene linali lisanaume. Nthanoyi ikufotokoza kumene kunachokera mvula, moyo, moto ndi kupatukana kwa anthu ndi Chauta. Funso lanu la usiku likupitirira pamenepo. Inu mukufunsa za kumene kunachokera dongo lenilenilo, ndi chifukwa chake dongolo limamvera malamulo amene limamvera.

Zimene sayansi yapeza n'zolimba ndipo musaziope. Mu 1927 Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium yemwenso anali katswiri wa masamu, anaonetsa kuchokera ku masamu a Einstein kuti thambo likufutukuka. Mu 1929 Edwin Hubble anafalitsa miyezo yoonetsa kuti milalang'amba yakutali ikutithawa, ndipo yakutali kwambiri ndiyo ikuthawa mwaliwiro koposa. Mukabweza nkhaniyi m'mbuyo, mumafika pa nthawi imene zonse zinali zothinana ndi zotentha koopsa, zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo. Umboni umene umandigwira mtima kwambiri ndi wa Arno Penzias ndi Robert Wilson. Iwo ankayesa chida chomvera mafunde a wailesi ku Holmdel, m'chigawo cha New Jersey, ndipo chidacho chinkangomva kaphokoso kosatha, kochokera mbali zonse. Anafika pothamangitsa nkhunda zimene zinamanga zisa m'chidamo n'kukolopa zitosi zake, koma kaphokosoko sikanathe. Mu 1965 zinadziwika kuti ankamva kuwala kotsalira kwa nthawi imene chilengedwe chinali ndi zaka pafupifupi 380,000 zokha. Kuwala kumeneko kukadalipo, kukudutsa m'kalasi mwanu ku Dedza ngakhale pano.

Koma tamverani bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri amaterereka. Ganizo limeneli, lotchedwa Big Bang, likufotokoza mmene chilengedwe chinafutukukira ndi kuzizira kuchokera pa kutentha kuja. Tikabwerera m'mbuyo mpaka pa chiyambi penipeni, masamu a Einstein amasiya kugwira ntchito, amatulutsa manambala opanda malire, ndipo wasayansi woona mtima amaima pomwepo. Ngakhale mawu akuti "chisanayambe" amavuta. Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa kumene lero ndi Algeria, ananena zaka zoposa 1,600 zapitazo kuti Mulungu analenga nthawi pamodzi ndi dziko, choncho kufunsa zimene ankachita asanalenge n'kufunsa za nthawi pamene nthawi kunalibe. Stephen Hawking anafika pa ganizo lofanana nalo kudzera m'masamu, n'kuliyerekeza ndi kufunsa chimene chili kumwera kwa South Pole. Mudzamvanso ena akunena kuti sayansi yaonetsa kuti chilengedwe chinatumphuka chokha kuchokera "popanda kanthu". Mukafufuza, mupeza kuti "popanda kanthu" pawopo pali kale malamulo a quantum (oyendetsa tinthu ting'onoting'ono kwambiri ngati maatomu) ndi mphamvu zimene zimatha kugwedezeka. Limenelo likadali dongo, ngakhale ndi losalala chotani.

Tsopano funso la mtsikana uja. Ine ndimakonda kulifotokoza ndi bawo. Thabwa lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, nkhomo zilipo 64, malamulo ndi odziwika. Madala awiri akhoza kusewera pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, masewero ake osafanana ngakhale kamodzi. Umenewo ndi mtundu woyamba wa "chilengedwe china": malamulo omwewo, koma zinthu n'kuyenda mosiyana, mwina dziko lathu osakhala ndi mwezi, mwina dzuwa osapangika. Mtundu wachiwiri ndi wosintha manambala: maenje akhale khumi pa mzere, nkhomo zikhale 80. Wachitatu ndi wosiya bawo n'kusewera china chosafanana nacho n'komwe. Anthu a filosofi amaika malire amodzi okha, akuti chinthucho chisadzitsutse chokha. Bwalo lozungulira lokhala ndi ngodya zinayi silingalengedwe, ndipo akatswiri ambiri a zaumulungu, kuphatikizapo Thomas Aquinas, ankati zimenezi sizichepetsa mphamvu za Mulungu, chifukwa mawu otere satchula chinthu chilichonse.

Mtundu wachiwiriwo ndi umene asayansi angathe kuwerengera, ndipo zimene anapeza n'zodabwitsa. Yambani ndi phunziro lanu lomwe lija la mphamvu yokoka. Mumauza ana kuti mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvuyo imachepa kanayi. Zili choncho chifukwa malo athu ali ndi mbali zitatu: mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Paul Ehrenfest anaonetsa mu 1917 kuti mbalizo zikanakhala zinayi, mphamvuyo ikanachepa kasanu ndi katatu, ndipo palibe dziko likanazungulira dzuwa mokhazikika. Kungokankhidwa pang'ono, likanagwera m'dzuwamo kapena kuthawiratu. Tengani nyutuloni ndi pulotoni, tinthu ta m'kati mwa mtima wa atomu. Nyutuloni imalemera kuposa pulotoni ndi kachigawo kochepa kwambiri, pafupifupi 0.14 peresenti. Zikanatembenuka, mapulotoni akanasanduka manyutuloni, haidrojeni sakanakhalitsa, ndipo madzi sakanakhalako. Mphamvu ya magetsi pakati pa mapulotoni awiri imaposa mphamvu yokoka ya pakati pawo ndi nambala ya 1 wotsatiridwa ndi maziro 36. Mphamvu yokoka ikanakula kwambiri kuposa mmene ilili, nyenyezi zikanakhala zazing'ono ndi zopsa msanga ngati moto wa mapesi, pamene moyo pa dziko lino watenga zaka zoposa 3.5 biliyoni kuti ufike pa inu ndi ine.

Kaboni amene ali m'thupi mwanu ndi m'chimanga cha m'munda mwanu amapangidwa m'kati mwa nyenyezi, pamene mitima itatu ya maatomu a hiliyamu yalumikizana. Njirayi ndi yovuta kwambiri, chifukwa iwiri yoyambayo ikalumikizana imamasukanso m'kanthawi kochepa kosaneneka. Mu 1953 Fred Hoyle ananena kuti mtima wa kaboni uyenera kukhala ndi mlingo wapadera wa mphamvu, apo ayi kaboni sakanachuluka chonchi. Anakakamiza anzake a ku Caltech, sukulu ya ukachenjede ya ku America, kuti akayeze, ndipo anaupezadi, pafupi ndi pamene iye ananena. Ndinene chilungamo kuti kuwerengera kwa pambuyo pake kunaonetsa kuti mpata wake si wopapatiza monga ankaganizira poyamba. Koma pali nambala ina imene kudabwitsa kwake sikunachepe. Mu 1998 magulu awiri a akatswiri a zakuthambo anapeza kuti kufutukuka kwa thambo kukuwonjezera liwiro, ndipo atsogoleri awo analandira mphoto ya Nobel mu 2011. Mphamvu yochititsa zimenezi ikayerekezedwa ndi imene masamu a quantum amayembekezera, imapezeka yocheperapo ndi nambala ya 1 wotsatiridwa ndi maziro pafupifupi 120. Ikanakula mokwanira, zinthu zikanamwazikana milalang'amba isanapangike.

Nanga timvetse bwanji zimenezi? Yankho limene Einstein ankalilakalaka ndi lakuti palibe kusankha: tsiku lina tidzapeza lamulo limodzi lozama loonetsa kuti manambalawa sakanatha kukhala ena. Mpaka lero lamulo lotere silinapezeke, ndipo ngakhale litapezeka, mwana wanu adzafunsabe chifukwa chake lamulo lokhalo lotheka likhale lololeza moyo.

Yankho lachiwiri ndi la pa YouTube lija, la multiverse, lakuti pali zilengedwe zambirimbiri, ndipo ndikupemphani kuti musalinyoze, chifukwa silinachokere m'mutu mwa anthu ofuna kuthawa Mulungu basi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Alan Guth anabweretsa ganizo lakuti chilengedwe chitangoyamba chinafutukuka mwaliwiro loopsa kwa kanthawi kochepa. Andrei Linde ndi Alexander Vilenkin anaona kuti m'masamu ambiri a ganizoli kufutukukako sikuima paliponse nthawi imodzi. Kumaima apa ndi apo, ndipo pamene kwaima pamabadwa chilengedwe, ngati thovu pa thobwa lowira. Ngati thovu lililonse lili ndi manambala akeake, ndiye kuti n'zosadabwitsa kuti ife tili m'thovu lololeza moyo, popeza m'ena onsewo mulibe wofunsa. Arthur Eddington anapereka fanizo la msodzi limene ndimalibweretsa pa nyanja yathu. Msodzi wa ukonde wa maso akuluakulu amakoka chambo chokhachokha, usipa wonse umapulumukira m'masomo. Akanena kuti m'nyanja mulibe nsomba yaing'ono, ndiye kuti akufotokoza za ukonde wake, nyanja ayi. Ifenso ndife ukonde: sitingaone chilengedwe china koma chokhacho chimene tingakhalemo. Brandon Carter ndiye anaika ganizoli poyera mu 1973 ku Kraków, ndipo mu 1987 Steven Weinberg analigwiritsa ntchito ponena kuti mphamvu yofutukula thambo ija iyenera kukhala yochepa koma osati ziro, zaka 11 isanayezedwe. Chimenecho si chinthu chaching'ono.

Vuto lake nali. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, komabe kuli malire a kumene kwatha kutifikira chiyambire. Mathovu enawo, ngati alipo, ali kunja kwa malirewo, ndipo palibe chida chingawaone. Mmodzi mwa anthu amene alankhula mwamphamvu pa nkhaniyi ndi George Ellis wa ku yunivesite ya Cape Town, yemwe anagwirapo ntchito limodzi ndi Hawking. Mu 2014 iye ndi Joe Silk anachenjeza kuti sayansi isataye mwambo wake woyesa ganizo lililonse ndi umboni. Ellis sanena kuti multiverse ndi bodza. Amanena kuti ndi filosofi yomangidwa pa sayansi, ndipo izitchulidwa dzina lake loona. Ine ndimagwirizana naye.

Yankho lachitatu ndi limene inu mumalidziwa bwino, lakuti manambalawa anaikidwa ndi Wina mwacholinga. John Leslie, katswiri wa filosofi wa ku Canada, anapereka fanizo lothandiza kuona chifukwa chake ukonde uja paokha sukwanira. Munthu waimikidwa kuti awomberedwe ndi asilikali 50 odziwa kulasa, onse awombera, onse aphonya. Munthuyo sangangoti, "Akanapanda kuphonya sindikanakhala pano n'kumadabwa, choncho palibe chodabwitsa." Ayenera kufuna chifukwa: kaya wina anawauza asilikaliwo kuti aphonye, kaya tsiku limenelo anthu owomberedwa anali ochuluka zedi moti wina anayenera kupulumuka. Mwaona kuti fanizoli likusiya makomo awiri otsegula, la Mlengi ndi la multiverse. Palinso chenjezo limene ndimapatsa ophunzira anga onse, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe. Kuti munene kuti chinthu n'chosowa, muyenera kudziwa zimene zili m'thumba lonse. Ife tapisa dzanja kamodzi kokha n'kutulutsa nkhomo imodzi. Aliyense wokuuzani motsimikiza kuti mwayi wa chilengedwe chino unali umodzi pa zakutizakuti, waonjezerapo maganizo ake pa zimene zinayezedwa.

Kodi multiverse ikatsimikizika ndiye kuti Mulungu wachotsedwa ntchito? Ayi, aphunzitsi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mugwiritse. Kuti mathovu aja abadwe pamafunika malamulo a quantum, mphamvu yofutukula ndi masamu oyendetsa zonsezo. Funso lanu la usiku limangosunthira pamenepo: n'chifukwa chiyani pali chinthu chobala mathovu m'malo mwakuti pasakhale kanthu? Kuchulukitsa mbiya sikufotokoza kumene kunachokera dongo. Aquinas anafika ponena kuti ngakhale dziko likanakhala lopanda chiyambi, likanafunabe Mlengi, chifukwa kwa iye kulenga ndiko kugwiriziza chinthu kuti chikhalepo, lero ngati dzulo. Wosakhulupirira naye ali ndi poima pake: Bertrand Russell ananena pa wailesi ya BBC mu 1948 kuti chilengedwe changokhalapo, basi. Aliyense amafika pena pamene amaima, wina pa Mulungu, wina pa chilengedwe chenichenicho. Telesikopu singasankhe pakati pa awiriwa. Ine ndimaima pa Mlengi, chifukwa sindikhutira kuti chinthu chimene chikanatha kukhala mwina chikhale chopanda chifukwa. Koma ndili ndi anzanga anzeru ndi oona mtima amene amaima kwinako, ndipo timadyera m'mbale imodzi.

Choopsa chimene ndachiona kawirikawiri mwa anthu a mpingo ndicho kumanga chikhulupiriro pa mpata umene sayansi sinatseke. Isaac Newton ankaganiza kuti Mulungu amayenera kumakonza njira za mapulaneti nthawi ndi nthawi kuti zisasokonekere. Leibniz anamutsutsa mu 1715 kuti ameneyo akhala mmisiri wa wotchi yofuna kukonzakonza, ndipo pambuyo pake Pierre-Simon Laplace anaonetsa ndi masamu kuti zosokoneza zimene Newton ankaopa zimabwezana zokha. Mu 1951 Papa Pius XII analankhula ngati kuti sayansi yatsopanoyi yachitira umboni za kulengedwa kwa dziko. Lemaître, wansembe mwini ganizolo, sanakondwe nazo, ndipo analangiza kuti ziwirizi zisasakanizidwe. Ankadziwa kuti sayansi imasintha, ndipo chimene mwachimangirira pa iyo chimagwa nayo. Ndaona achinyamata amene anauzidwa kuti manambala aja ndi umboni wosatsutsika. Atangomva za multiverse ku koleji, zonse zinawagwera. Musamuchite zimenezo mtsikana wanu.

Pali mbali ina ya funso lake imene mwina idzabwera, chifukwa ana amafikako msanga: ngati Mulungu akanatha kusankha, bwanji sanasankhe dziko lopanda zivomezi ndi anamondwe? Leibniz ankati Mulungu anaona maiko onse otheka n'kusankha labwino koposa, ndipo chivomezi cha ku Lisbon cha pa 1 Novembala 1755, chimene chinapha anthu zikwi makumimakumi, chinachititsa ambiri ku Ulaya kukana mawu amenewo. Komabe m'ganizo lake muli mfundo yofunika, yakuti si zabwino zonse zimene zingakhalire pamodzi popanda mtengo wake. Kung'ambika kwa nthaka kumene kunakumba nyanja ya Malawi, yakuya pafupifupi mamita 700, n'komwenso kunagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu 2009. Nyanja yofunda imene imatumiza mvula ya chimanga chathu ndi yomwenso inadyetsa namondwe wa Freddy mu 2023. Ngati n'kotheka kukhala ndi chimodzi popanda chinzake, limenelo ndi funso lenileni la maiko otheka. Koma ndikupemphani, monga mkulu wa mpingo, mfundo imeneyi ikhale ya m'kalasi. Pa siwa, pamaso pa mayi amene matope anamutengera ana ku Chilobwe, munthu amakhala pansi n'kulira nawo.

Ana adzakufunsaninso ngati anthu angapange chilengedwe mu labotale, kapena ngati tonsefe tili m'kati mwa kompyuta ya winawake. Guth ndi Edward Farhi anaunika loyambalo mu 1987 n'kupeza chopinga chachikulu m'masamu, ndipo Nick Bostrom wa ku Oxford anakonza lachiwirilo ngati mtsutso wa filosofi mu 2003. Maganizo onse awiriwa akukamba za kuumba, osati kulenga. Wopanga woteroyo ali ndi dziko lakelake, malamulo ake ndi magetsi ake, zimene naye sanazilenge.

Za tulo tanu ndisazilumphe. Kudabwa ndi mafunso amenewa n'kwabwino, ndipo kugona mochedwa masiku angapo chifukwa cha iwo si matenda. Koma ngati papita milungu iwiri kapena itatu musakugona, chakudya chosalowa, mtima ukugunda ndi mantha, kapena mwayamba kumva ngati inuyo ndi zinthu zokuzungulirani si zenizeni, pitani kuchipatala cha boma mukaonane ndi a zaumoyo wa maganizo. Nthawi zambiri zikatero funso la filosofi limakhala langokwera pamsana pa nkhawa kapena kutopa kumene kunalipo kale, ndipo zimenezo zili ndi chithandizo. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, musadikire ngakhale tsiku limodzi, uzani munthu wapafupi ndipo mupite. Pa za chikhulupiriro, pezani mbusa kapena wansembe amene anaphunzira filosofi ndipo saopa mafunso; mutu umodzi susenza denga. Yesaninso kulipatsa funsoli nthawi yake masana, ndi kope ndi cholembera, kuti lisamakudikireni pa pilo.

Kwa mtsikana uja, bwererani. Muuzeni pamaso pa anzake kuti funso lake linali labwino ndipo mwakhala mukuliganizira. Bwerekani thabwa la bawo, mulowe nalo m'kalasi Lachisanu masana, muwagawe ana m'magulu, gulu lililonse lisinthe lamulo limodzi lokha n'kuona ngati masewerowo akuyendabe kapena akufa pa dzanja lachitatu. Akatha, lembani pa bolodi lamulo la mphamvu yokoka, mufufute ka 2 kali pamwamba pa r, chilembo choimira mtunda, mulembepo 3, ndipo mumufunse iyeyo chimene chingachitikire mwezi.